Mbale yopindika mlomo: kulira kwa China pa ng'oma za bandi

Pa mbale zonse zamkuwa zimene zimazungulira woyimba ng'oma za bandi, pali imodzi imene simungaisokoneze ndi inzake ngakhale mutatsinzina. Mbale yotchedwa crash ikamenyedwa imati tswaaa, mawu n'kumwazika ngati madzi, kenaka n'kumazilala pang'onopang'ono. Ina yotchedwa ride imalankhula mowerengeka, ting ting ting, osaphonya. Koma iyi imangoti khwaa! Mawu ake ndi okhakhala, ouma, ngati wina wang'amba lata, ndipo amaduka msanga khutu n'kutsala likufunafuna kumene alowera. Oyimba amangoitcha China.

Ndamva oyimba ambiri, makamaka amene angoyamba kumene, akuitenga ngati crash yaphokoso, yoti uimenye pamene nyimbo yafika pachimake ndipo crash wamba yachepa mphamvu. Kumeneko n'kuichepetsa. China ndi chida china, chobadwira kwina, chosulidwa ndi cholinga china, ndipo ili ndi mawu awiri: okuwa amene aliyense amawadziwa, ndi onong'ona amene ambiri amafika pogulitsa mbaleyo asanawamve n'komwe. Mawu awiri onsewo akuchokera pamalo amodzi, pa mlomo wake.

Mlomo ndi chogwirira

Mbale wamba, zimene mwambo wake unachokera ku Turkey, zili ngati ambulera. Pakati pali kachitunda kozungulira kamene oyimba amati bell, ndiye kuchoka apo mkuwa umatsetsereka mosalala mpaka m'mphepete. China imayamba chimodzimodzi, koma kukatsala mainchesi awiri kapena atatu kuti ithe, mkuwa umatembenuka mwadzidzidzi n'kuloza kumwamba, ngati mlomo wa chipewa umene wina waupinda. Yendetsani chala kuchokera pakati kupita kunja. Chimatsika, chimatsika, kenaka chimagwera m'kangalande n'kuyamba kukwera. Kangalande kameneko ndiye mwini nkhani yonse.

Bell nayo ili ndi mbiri yake. Pa China zachikale si yozungulira ngati theka la mpira ayi. Ndi yaing'ono, yowongoka m'mbali, yaphwatalala pamwamba, ngati kapu yovundikira. Sanaipangire kumenyedwa. Chinali chogwirira. Ku China mbale za banja limeneli amazitcha bo, ndipo zimayimbidwa ziwiriziwiri m'manja, kuwombanitsa, m'zisudzo za opera ya ku Beijing, m'gule wa mkango ndi pa miyambo ya m'makachisi. Woyimba amafumbata kachitundako, nthawi zambiri ndi kansalu kopisidwa pabowo kuti mbale isapulumuke. Ntchito yake m'sewero ndi kutsindika: msilikali waponda phazi, watembenuza mutu, mbale yati khwaa pa nthawi yomweyo n'kukhala chete kuti mawu a woyimba ndi pakamwa amveke. Mzinda wa Wuhan, m'chigawo cha Hubei m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze, ndi wotchuka kuyambira kale pa kusula mbale ndi ma gong, zimbale zikuluzikulu zopachika zija, ndipo mpaka lero dzina loti Wuhan mulipeza pa China zambiri.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, oyimba ng'oma ku America, m'mizinda ngati New Orleans ndi Chicago, anali kuphunzira kuti munthu mmodzi azichita ntchito ya anthu atatu. Mu 1909 William F. Ludwig anatulutsa chopondera cha ng'oma yaikulu chimene chinagwiradi ntchito, ndipo phazi litatenga gawo lake manja anapeza mpata. Oyimbawo anayamba kutolera chilichonse cholira: timabokosi tamatabwa, mabelu a ng'ombe, komanso katundu wochokera ku China, monga ting'oma tofiira ta zikopa zokhomedwa ndi misomali ndi mbale zopindika mlomozi. Choncho China si mlendo wofika mochedwa pa ng'oma za bandi. Inalipo hi-hat, mbale ziwiri zija zotsegulidwa ndi kutsekedwa ndi phazi, isanabadwe. Kungoti mbale za mwambo wa ku Turkey zinadzatenga malo aakulu. Banja la Zildjian, limene linayamba ntchitoyi ku Constantinople mu 1623, linatsegula fakitale ku Massachusetts mu 1929 n'kuyamba kupanga mbale zopyapyala zogwirizana ndi zofuna za oyimba jazz monga Gene Krupa. Kampani yomweyo inadzapanganso zake zopindika mlomo koma za bell yozungulira, n'kuzitcha swish ndi pang.

Chimene chimachitika mumkuwa ndodo ikagunda

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa amene wamvetsa izi zina zonse zimamuyendera.

Mukakoka waya wa gitala n'kumusiya, amanjenjemera m'njira zingapo nthawi imodzi, koma njira zonsezo n'zapachibale. Yachiwiri imafulumira kawiri kuposa yoyamba, yachitatu katatu, yachinayi kanayi. Khutu limaziphatikiza n'kumva noti imodzi yoti mungaiyimbe ndi pakamwa. Mbale si yotero. Imanjenjemera m'njira mazanamazana zimene sizitsatana mwa dongosolo lotere. N'chifukwa chake palibe amene angayimbe noti ya crash ndi pakamwa. Tonse timangoti tswaa.

Chachiwiri n'chodabwitsa kuposa apo. Mkuwa wa mbale ndi wopyapyala kwambiri, m'mphepete mwake pafupifupi milimita imodzi, moti mukamenya mwamphamvu umapindika kupitirira kuchindikala kwake komwe. Zikafika apo, njira zonjenjemera zija zimasiya kuyenda iliyonse payokha n'kuyamba kupatsirana mphamvu. Mphamvu ya ndodo imalowa poyamba m'kunjenjemera kwakukulu kochedwa, kwa mawu abesi, kenaka imasefukira m'kunjenjemera kung'onokung'ono kofulumira, kwa mawu osongoka. Pa gong yaikulu ya okhestra zimenezi zimamveka bwinobwino: imayamba ndi buuu wapansi, ndiye patapita sekondi imodzi kapena ziwiri imatumphuka n'kukhala shaaa. Pa crash zimachitika mwachangu, komabe mumamva mawu akutambasuka ndodo itachoka kale.

Pa China kusefukirako kumachitika m'kuphethira kwa diso. Katswiri wa sayansi ya mawu wa ku Australia, Neville Fletcher, pamodzi ndi anzake, anafufuza m'zaka za m'ma 1980 mmene ma gong ndi timizati tachitsulo topindidwa timanjenjemerera, ndipo anaonetsa kuti pamene chitsulo chakhota mwadzidzidzi, mphamvu imadumpha mosavuta kuchoka ku njira ina yonjenjemera kupita ku ina. Mfundo imeneyi imatithandiza kumvetsa kangalande kaja. Funde la kunjenjemera likachoka pamene ndodo yagunda silitsetsereka mwamtendere mpaka kumapeto ngati pa crash. Limakumana ndi kona, lina n'kubwerera, lina n'kuwoloka litasweka. Mopindikamo mulinso ngati mkombero wolimbitsa, monga mmene pepala lopindidwa limaumira kuposa losapinda. Mapeto ake mawu onse amatuluka limodzi ngati anthu othawa moto pakhomo limodzi, opanda noti yoti n'kuiloza. Ndipo popeza mawu osongoka sachedwa kutaya mphamvu, amazimanso msanga. Kukhakhala ndi kufupika zonse ziwiri zabadwira pa kona imodzimodziyo.

Oyimba olankhula Chingerezi amati mawu amenewa ndi trashy, kutanthauza kuti akunga a chivundikiro cha mgolo wa zinyalala, ndipo pa China liwu limenelo ndi loyamikira. Zildjian mpaka inatcha mtundu wina wa mbale zake Oriental China Trash. Ine ndimawatcha mawu amchenga, chifukwa amamveka ngati mchenga wouma wothiridwa pa lata kamodzin'kamodzi. Komabe tcherani khutu mchengawo ukatha. Pansi pake pamatsala kamvekedwe kena kakuya, huuu, ka gong, kamene kamapitirira masekondi angapo motsika kwambiri. Pa China yabwino kamvekedwe kameneko n'kofewa, kosakanikirana, ndipo kamazilala osakusiyani ndi funso. Pa yoipa pamatsala noti imodzi youma mutu, yolira ngati chitini, imene imakangana ndi kiyi ya nyimbo iliyonse imene mukuyimba. Kwa ine kusiyana kwa China yabwino ndi yoipa kwagona pa mchira umenewu kuposa pa kuphulika koyamba. Kuphulika iliyonse imaphulika.

Chifukwa chake China ziwiri sizifanana

Mbale zambiri zapamwamba zimapangidwa ndi msakanizo wotchedwa B20, wa magawo 80 pa 100 a kopa ndi magawo 20 a tini. Wina wotchuka ndi B8, wa magawo 92 a kopa ndi 8 a tini. B20 imapereka mawu otambalala ndi akuya, pamene B8 imapereka olunjika ndi oboola. Ena amaganiza kuti B8 ndi ya ophunzira basi, koma kampani ya Paiste ya ku Switzerland yakhala ikupanga mbale zake zotchuka za mtundu wotchedwa 2002 ndi mkuwa umenewu kuyambira 1971, ndipo zayimbidwa pa masiteji akuluakulu padziko lonse. Pansi penipeni pali msakanizo wa kopa ndi zinki, umene mawu ake ndi ogontha.

Chosangalatsa n'chakuti pa China kutsika mtengo sikutanthauza kuipa nthawi zonse. Ride yotsika mtengo imadziulula pa kugunda koyamba. Koma China za ku Wuhan, zosulidwa ndi nyundo pamanja, zosasalala, nthawi zina zokhota pang'ono, zili ndi kukhakhala kumene makampani akuluakulu amakhetsa thukuta kuti atsanzire. Neil Peart wa gulu la Rush, munthu woti akanatha kusankha mbale iliyonse imene mtima wake unafuna, anakhala zaka zambiri ali ndi China ya Wuhan pa ng'oma zake. Vuto lake n'lakuti ziwiri za muyezo umodzi zimatha kusiyana ngati sizinatuluke m'ng'anjo imodzi, ndipo zopyapyala kwambiri sizichedwa kung'aluka.

Kukula kumasintha zambiri. Zofala ndi za mainchesi 16 mpaka 20, ndipo ya 18, imene ndi masentimita pafupifupi 46, ndiyo mudzaipeza pa ng'oma za anthu ambiri. Zing'onozing'ono za mainchesi 8 mpaka 12 amazitcha China splash, ndipo zimangoti tsa! ngati mbama, osasiya kalikonse kumbuyo. Za mainchesi 20 ndi 22 n'zakuya, zobangula, za mchira wautali. Wuhan imapanga mpaka ya mainchesi 27, imene ili pafupi kukhala gong kuposa mbale. Pa kuchindikala ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti yolemera ndiyo yabesi, koma zili mosemphana. Pa mbale ziwiri zofanana kukula, yopyapyala ndiyo ya mawu otsika, imayankha ndodo ikangoikhudza, ndipo imazima msanga. Yochindikala ndi ya mawu okwera, yaphokoso, yochedwa kuzima, ndipo simatseguka pokhapokha mutaimenya ndi mphamvu.

Nyundo imasiya timaenje timene timasokoneza ulendo wa funde, choncho mbale yosulidwa kwambiri, mosatsata mzere, imakhala yakuya ndi youma. Ena amaboola mbale dala. Mabowo amachepetsa kulemera n'kuwonjezera malo osweka funde, ndiye mchenga umachuluka mchira n'kufupika. Holy China ya kampani ya Sabian ya ku Canada, imene anaipanga mogwirizana ndi Chad Smith wa gulu la Red Hot Chili Peppers, ili ndi mabowo ambirimbiri ndipo ndi yaphokoso koopsa. Enanso amachita zosiyana ndi zimenezo: amaika timisomali tokhwepa m'mabowo ang'onoang'ono kuzungulira mlomo, kuti mbale ikanjenjemera tizivina n'kumati ssss. Swish Knocker ya Zildjian, ya mainchesi 22, ili ndi timisomali 20. Imeneyi ndiye ikutifikitsa ku mawu aja ambiri sanawamvepo.

Mawu onong'ona

Tengani ndodo yopepuka, mupite pa China yaikulu yopyapyala. Muigunde ndi nsonga, pakatikati pa bell ndi kangalande, mofatsa ngati mukugogoda pachitseko cha munthu amene ali mtulo. Simumva khwaa. Mumva ta, ta-ta, ta youma ndi yomveka bwino, pansi pake pakufuka utsi wa mawu, shhhh, umene umadzaza chipinda koma osaphimba kugunda kwa ndodo. Nthawi yoyamba imene ndinamva zimenezi ndinaima n'kuyang'anitsitsa mbaleyo, chifukwa ndinali nditakhala nayo nthawi yaitali ndikuidziwa ngati yokuwa basi.

Oyimba jazz anadziwa zimenezi kalekale. Dave Tough, amene anayimba m'gulu la Woody Herman chapakati pa zaka za m'ma 1940, ankadziwika ndi mbale ya ku China yokhala ndi timisomali. Mel Lewis anapitiriza mwambowo m'gulu lalikulu limene anayambitsa ndi Thad Jones, limene kuyambira 1966 linkayimba Lolemba lililonse usiku ku kalabu ya Village Vanguard mumzinda wa New York. Dizzy Gillespie, katswiri wa lipenga uja, anali ndi China yakeyake imene ankafuna kuti woyimba ng'oma aziyimba kumbuyo kwake pamene iye akuliza lipenga. Taganizirani: munthu woti si woyimba ng'oma, kusunga mbale chifukwa cha mmene imamunyamulira.

N'chifukwa chiyani imayenda bwino chotero? Ride wamba ili ndi kanoti kake kobisika, ndipo mawu ake amakhala pamwamba pa gulu ngati nyenyezi. China ilibe noti yoti ingawombane ndi ya lipenga, ndipo utsi wake umakhala pakati, m'dera lomwe muli masakisofoni ndi matromboni. M'malo moima payokha imalowa pakati pa zida zoposa 10 zouzira n'kuzimata kukhala chinthu chimodzi. Palinso nzeru ina. M'nyimbo yaitali imene anthu angapo akuyimba mosinthana aliyense payekha, woyimba ng'oma waluso amasintha mbale wina akamaloŵa m'malo mwa mnzake. Kuchoka pa ride kupita pa China kuli ngati kuchoka pamsewu wa phula kulowa wa miyala. Liwiro ndi lomwelo koma thupi lonse lamva kuti pansi pasintha, ndipo woliza lipenga amayankha ndi mphamvu zatsopano.

Mawu okuwa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, magitala amagetsi atakwera mawu, China inapeza ntchito ina. Billy Cobham, amene anali m'gulu la Mahavishnu Orchestra, amatchulidwa kawirikawiri ngati mmodzi mwa amene anatchukitsa kuikhazika mozondoka, m'mwamba, n'kumaimenya ngati mphezi pakati pa kuyimba kothamanga. Kuchoka apo inalowa m'nyimbo za rock, kenaka za metal ndi hardcore, kumene lero ili ngati chizindikiro cha nyimbozo.

Pa gawo lija amati breakdown, pamene nyimbo imalemera, magitala n'kumadula mawu mogwirizana ndi ng'oma yaikulu, dzanja lamanja limachoka pa hi-hat n'kupita pa China: khwaa, khwaa, khwaa, khwaa. Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze nyimbo ikugunda ka 120 pa mphindi. Ndiye kuti kugunda kulikonse kuli ndi theka la sekondi. Crash imene imalira masekondi anayi ikamenyedwa chotero, kugunda koyamba kumakhala kusanazime pamene kwachisanu ndi chitatu kukufika, ndipo zonse zimasanduka matope. China imakhala itatsitsa kale mawu ake pamene ndodo ikubwerera, choncho kugunda kulikonse kumaima pakokha ngati mzati. Komanso magitala a distortion, aja mawu ake amakhakhalitsidwa dala, amatulutsa phokoso losalekeza limene limameza mchira wa crash, koma silingameze kuphulika kwadzidzidzi kwa China.

Amene akufuna mawu afupi kuposa apo amasanjikiza mbale ziwiri, crash kapena splash yaing'ono m'kati mwa China, kuti zizitsamwitsana. Terry Bozzio, amene anayimba ndi Frank Zappa m'zaka za m'ma 1970, anatchukitsa kwambiri njira imeneyi. Mawu ake ndi tsak! wouma ngati kuwomba m'manja.

Pano ndinene zakukhosi. Khutu silichedwa kuzolowera. Mukamenya China kumayambiriro kwa mzere uliwonse wa nyimbo, pofika kolasi yachiwiri omvera asiya kudzidzimuka ndipo chatsala ndi kutopa kokha. Woyimba ndi pakamwa ndiye amavutika kwambiri, chifukwa mbaleyi imakhala m'dera lomwelo limene muli zilembo zomveketsa mawu ake, s ndi t ndi k. Ndimamva chisoni ndikamamvera gulu labwino, mawu a nyimbo okoma, koma theka lake ladyedwa ndi mbale imodzi. Samalaninso chimene mukuimenya nacho limodzi. China ndi ng'oma yaikulu zimapereka kuphulika kolemera. China ndi snare, ng'oma yaing'ono ya timawaya kunsi, zimapereka mbama yakuthwa, imene imakoma kwambiri ikagwa pamene womvera samayembekezera, pang'ono chabe kugunda kwenikweni kusanafike. China yokhayokha, yopanda ng'oma pansi pake, imamveka yopepuka ndi yosiyidwa, ndipo nthawi zina zimenezo ndi zomwe nyimbo ikufuna.

Kuikhazika ndi kuimenya

Mukaikhazika bell ili m'mwamba ngati mbale zina zonse, mlomo umaloza kumwamba ngati mpeni. Nsonga ya ndodo imafika bwino pamsana pake, choncho oyimba jazz ambiri amaikonda chotero, koma mukamamenya m'mphepete mpeniwo umatafuna ndodo ndipo nawonso umalandira nkhonya yonse. Mukaizondotsa, bell kuloza pansi, imaoneka ngati beseni, kangalande kaja n'kusanduka phewa lotumphuka, mlomo n'kugwera kunja. Thupi la ndodo limagunda paphewapo, malo otambalala ndi olimba, ndipo mawu amatuluka athunthu. Oyimba rock ndi metal ambiri amaiika chomwecho, itapendekeka. Paiste inayesa kukwatitsa njira ziwirizi ndi mtundu wotchedwa Novo China, umene bell yake inatembenuzidwa kuti iziloza m'mwamba pamene mlomo ukuloza pansi.

China yanga yoyamba, ya mainchesi 16, ndinaiwononga ndekha. Inkagwedezeka kwambiri ndikaimenya, ndiye ndinamanga nati yapamwamba mpaka mbale inaima nji. Ndinkaona ngati ndaisamala. Patapita miyezi ingapo ndinayamba kumva kanthu kachilendo kumapeto kwa mawu ake, zzz, ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Ndi maso sindinaone kanthu. Nditayendetsa chikhadabo m'kangalande muja, chinakola. Mng'alu unali utatsata mzere wopindikawo, wautali ngati chala. Mbale yomangidwa kolimba ilibe kothawira. Mphamvu imene ikanathera m'kugwedezeka imathera mumkuwa, ndipo imasankha malo amene apanikizika kale, pa kona kapena pabowo lapakati. Mng'alu ukayamba mungathe kuboola kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, kapena kudula gawo lowonongekalo, koma mawu akale sabwerera onse. Yangayo inathera pansi pa splash, n'kukhala mbale yosanjikiza yabwino ndithu.

Choncho isiyeni ipume. Pakhale timaponji pansi ndi pamwamba, pakhale kapaipi kapulasitiki kuti mkuwa usakhudzane ndi chitsulo cha sitandi, ndipo nati ikhale yongoletsa mbale kuuluka. Pomenya, ndodo isabaye molunjika ngati mukukhoma msomali. Idutse chammbali mopsepsa, ngati mukukwapula, n'kuchokapo. Mudzadabwa kuona kuti mawu akukula pamene mphamvu mwachepetsa. China yopyapyala ili ndi malire: ikafika potseguka yonse, mphamvu yowonjezera siwonjezera mawu, imangofupikitsa moyo wa mbale.

Makutu nawo asaiwalike. Khutu la munthu limamva kwambiri mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz (kunjenjemera pa sekondi), ndipo China ili ndi mphamvu zambiri kumeneko ndi kupitirira apo. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za thanzi ndi chitetezo pa ntchito, limalangiza kuti munthu asapitirire maola 8 pa phokoso la madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pa madesibelo 100 yatsala mphindi 15 zokha. Mbale yomenyedwa mwamphamvu pafupi imapitirira muyezo umenewo, ndipo China nthawi zambiri imakhala m'mwamba, moyang'anizana ndi khutu lenileni. Kulira kwa m'khutu kumene kumatsala mukamaliza kuyeserera ndi chenjezo. Zotsekera m'makutu za oyimba zimatsitsa phokoso osawononga kamvekedwe, ndipo ine sindikhala pa ng'oma ndisanavale. Maikolofoni nawo amavutika chimodzimodzi. China imalowa mu iliyonse imene ili pasiteji, makamaka ya woyimba ndi pakamwa, ndipo ikalowa woyang'anira makina sangaichotsemo. Iikeni kumbali yotalikirana ndi maikolofoni imeneyo, ndipo m'chipinda chaching'ono cha makoma osalala sankhani yopyapyala imene imatseguka ndi dzanja lopepuka.

Posankha

Kanema wa pa intaneti angakuuzeni za mtundu wa mbale, koma sangakuuzeni za mbale imene mudzapita nayo kunyumba, makamaka ikakhala yosulidwa pamanja. Ngati n'kotheka, imvereni yeniyeniyo. Tengani crash yanu ndi ndodo zanu, chifukwa China imene yakoma payokha imatha kukangana ndi mbale zimene idzakhala nazo. Mufunika kusiyana koonekeratu: ikhale yotsika kapena yokwera kuposa crash, osati yoyandikana nayo. Pemphani wina aimenye inu mutaima mamita asanu kapena kuposerapo. Pafupi, China iliyonse imamveka yolusa. Patali ndi pamene mumadziwa ngati ili ndi thupi kapena ndi kachidutswa ka lata chabe.

Kenaka yesani mawu ake onse awiri. Imenyeni kamodzi mwamphamvu, muchotse manja, mudikire mpaka zii, mukumvetsera chimene chatsala mchenga utatha. Igogodeni ndi nsonga ya ndodo motsitsa muone ngati kugunda kukumveka pamwamba pa utsi. Ngati pali ndodo za mitu yofewa, igudubuzeni pang'onopang'ono kuchokera pansi: yabwino imayamba ndi huuu wa gong, imafufuma mosadumpha, n'kudzasweka kukhala mchenga pamapeto penipeni. Pomaliza ichotseni pasitandi, mupise chala pabowo, muikweze pafupi ndi kuwala n'kuizungulitsa. Yendetsani chikhadabo m'kangalande monse mpaka mubwerere pamene munayambira, kenaka chitaninso chimodzimodzi m'mphepete mwa mlomo ndi kuzungulira bowo lapakati.